Limu Yakumbuyo

Lamlungu masana kuno ku Kanyama
ndimaimika njinga yamoto pansi pa mpapaya
n'kuisiya kaye, ipume.
Chitsulo chikadali chotentha sachithira sopo,
anatero Yelesani, makaniko wa ku Kamwala,
thovu limaumirapo, limasiya mawanga ngati zipere.

Sabata yonse yamatirira pa malimu awiriwa:
matope a ku Chibolya,
fumbi lakuda la mabuleki
lomwe ndapera pozemba maminibasi ku Soweto,
girizi amene tcheni walavula,
ndi dontho la msuzi wa nkhuku
ya bwana wina wa ku Kabulonga
amene sanandipatse ngakhale zikomo.

Madzi ndi ogula, zigubu ziwiri pa kiyosiki.
Oyambawo ndimangothira, manja kumbuyo,
mchenga utsike wokha.
Ukaupukuta ukadalipo, wakanda ndiwe.
Kenako sopo wofewa, kadontho chabe,
osati waufa uja wochapira maovolosi,
osati mankhwala aukali a m'botolo lopanda dzina
amene anyamata amagulitsa pa maloboti.
Nsanza yanga ndi malaya akale a Tikambenji,
aja a maluwa, anamuthina ali ndi zaka zinayi.
M'makona mwa masipoko mumalowa mswachi wotha mano,
pang'onopang'ono,
monga umachotsera chitsotso m'diso la mnzako.
Pa mabuleki nsanza ya mafuta isayandikire.

Yakutsogolo sivuta.
Utoto wake wakuda ukauma
umandionetsa nkhope yanga, yopindika, mphuno yaikulu.

Yakumbuyo ndimathera nayo.

Linali tsiku la maliro a mlamu wanga ku Chawama,
ndinapita pa basi, njinga n'kutsala.
Pobwera madzulo ndinapeza mwana ali chogwada,
diresi lanyowa, thovu mpaka m'zigongono,
m'dzanja muli waya wokwechera mapoto.
Atate, onani, ndakuthandizani.
Malo aakulu ngati chikhatho changa
anali mbuu, utoto wapita,
mizeremizere ngati pomwe yapalasa nkhuku.

Njingayi si yanga.
Ndi ya a Sikazwe, ndimapereka Lolemba lililonse
mpaka ngongole idzathe,
ndipo iwo amaizungulira atavala magalasi,
chala chikuyenda pa utoto.

Mawu anafika pakhosi, otentha.
Koma ndinakumbukira Yelesani:
chotentha sachithira kanthu, chisiye chizizire.
Ndinakhala pa njerwa.
Ndinapempha madzi akumwa.
Anabwera nawo akutayikira, maso ali pa ine,
kudikira kuti ndione bwino ntchito yake.

A Sikazwe anadula ndalama za masiku atatu.
Sabata imeneyo tinadyera kapenta wowerenga.

Lero ndi uyu wakhala pambali panga,
wagwira nsanza youma, ntchito yake ndi yopukuta,
madzi asagone m'mphako, dzimbiri lingapeze nyumba.
Amafunsa, apa ndikanikize?
Ndimati ayi, ingosisita,
dothi silimva mphamvu, limamva kuleza.
Akafika pa chipsera chija amafulumira,
ine ndimayang'ana kumbali, kwa Amake Chisala
amene akukangana ndi wogulitsa makala.

Yelesani akuti nditengere kwa iye,
apoperapo utoto, palibe adzadziwe.
Ndimati mwezi wamawa.
Miyezi yamawa yakwana isanu tsopano.
Ndimangopakapo phula pang'ono, mvula isalowe.

Kwatsala Malolemba khumi ndi asanu ndi anayi.
Likadzakwana lomaliza
a Sikazwe adzandipatsa mapepala,
injini, nyali, hutala yosasa mawuyi,
zonse zopangidwa kutali ndi anthu osawadziwa.
Pa njinga yonseyi
malo okhawo amene anagwirapo wa kwathu
ndi apo, pambali pa vavu,
pamene sipawala.

Mawa m'mamawa matope akudikira pa msewu wa ku Mumbwa.
Tikambenji wataya madzi otsala pa mpapaya,
wayanika nsanza pa waya,
akufunsa ngati matayala amamva chizungulire.