Dothi la m'nsapato

Kuno ku Wageningen mvula sichenjeza.
Sibwera ndi bingu, sinunkhira fumbi,
imangoyamba ngati munthu wolankhula yekha
amene sadziwa pothera nkhani yake.
Njinga ndinagula kwa mnyamata wa ku Peru,
mayuro makumi anayi, belu lake losalira,
ndipo m'mawa uliwonse ndimapalasa m'mbali mwa ngalande,
mphepo ikundikankha pachifuwa
ngati ndili nayo ngongole.

Sabata yoyamba ndinapereka moni m'basi
kwa mayi wina wonyamula maluwa achikasu.
Anacheuka kumbuyo kwake
kuti aone amene ndikumulonjera.
Moni wotsalawo ndinameza,
unandikhala pakhosi mpaka kukalasi.

Aphunzitsi athu akuti tiziwatchula Jorien basi.
Jorien, popanda mayi, popanda dokotala,
munthu wa imvi zake, wolemba mabuku asanu.
Lilime langa limayamba lagwada lisanatchule,
iwo n'kumaseka: ukunong'oneranji?
Nkhomaliro yawo ndi buledi ndi tchizi, choimirira,
mphindi khumi, kenaka tibwerere ku dothi.

Pajatu ndinadzera dothi kuno.
Anthu awa dziko lawo anachita kulanda m'kamwa mwa nyanja,
ndiye amalisefa, amaliyeza pasikelo,
amalipatsa manambala ngati wodwala m'chipatala.
Ine amene ndinakula nalo m'zikhadabo
ndikuphunzira kuligwira ndi magolovesi.

Kunyumba tilipo asanu, firiji imodzi,
aliyense shelefu yake, dzina lake papepala.
Farideh amaphika mpunga wa safironi usiku
ndipo amandisiyira m'mbale osanena kanthu.
Bambo Wiebe a khomo loyandikana
anandiphunzitsa kuti zinyalala nazo zili ndi mitundu,
za pepala sizigona ndi za pulasitiki.
Ndinalakwitsa kawiri. Kachitatu anangogwedeza mutu,
ndipo kuno kugwedeza mutu ndi nthungululu.

Mu Disembala mdima umafika folo koloko isanakwane.
Dokotala anandilembera timapiritsi toyera,
akuti ndi m'malo mwa dzuwa.
Ndimameza dzuwa langa ndi madzi a pampopi.
Chiletso akaimba foni amafunsa za chipale chofewa,
kenaka za foni yatsopano, ya kamera zitatu.
Ndimati ndiona.
Sindimuuza kuti dzulo ndawerenga makobidi patebulo
kuti ndione ngati anyezi akwanira mpaka Lolemba.

Ndiye Lachisanu lina, ndikutsuka nsapato
zomwe ndinatsika nazo ndege,
ndinapeza m'mizere ya kuphazi
katondo wouma, wofiira, kakang'ono ngati njere ya mapira.
Anadutsa bwanji pa zipata zonse zija,
agalu onunkhiza, makina oona m'kati mwa chikwama,
alibe pasipoti, alibe viza?
Ndinamutokosa ndi pini wa m'tsitsi,
ndinamukulunga m'risiti ya kusitolo.

Lolemba ndinapita naye kulabu.
Jorien anavala magalasi, anawerama nthawi yaitali.
Pomaliza anati: dothi ili latopa,
ndi lowawasa, chakudya chinatha kalekale,
lachokera kuti?
Ndinati kumunda kwa mayi anga, kuseri kwa chulu.
Ndinafuna kuwonjeza kuti kutopa kwakeko
linatopa likulera ana asanu ndi mmodzi,
kuti fizi ya fomu wanu inatuluka m'menemo,
mtedza matumba atatu, chaka cha ng'amba,
koma chingerezi changa chinathera panjira.

Anapempha theka kuti akaliyeze bwino.
Theka la njere ya mapira!
Tinaligawa ndi nsonga ya mpeni, tonse tikupuma pang'onopang'ono
kuopa kuliuluza.
Lawo analipatsa nambala.
Langa lili pawindo, m'kabotolo ka mapiritsi a dzuwa,
likuyang'ana mvula ya eni ake.
Madzulo ano ndalidonthezera dontho limodzi,
ndinaika mphuno pakamwa pa botolo,
ndipo Farideh atagogoda kuti mpunga wapsa
ndinamuyankha m'Chichewa.