Kuseri kwa Benga

Ndikapatuka pa Benga, phula n'kulisiya,
malole a nzimbe n'kupitirira ndi mkokomo wawo,
mapewa anga amatsika okha.

Kuno msewu ndi wa timiyala ndi fumbi lofiira.
Matayala amayankhula: tsekete, tsekete,
ngati chimanga chikukazingidwa m'phale.
Kulibe hutala. Belu langa linathyoka kalekale,
ndimangoti "odi" kwa mbuzi,
nazo zimayamba zandiyang'ana
ngati ndabwera kudzakongola.

Pa kamlatho ka mitengo iwiri ndimatsika.
Tcheni chimagulukira pomwepo nthawi zonse,
chili ndi pangano ndi malo amenewo.
Ndimachibwezera ndi kamtengo, zala bii,
mpunga ukununkhira m'dambo la a Nasiyaya.

Dzulo ndinapeza zikhomo zopaka utoto wofiira
zitandanda mpaka pa mpoza wa a Chikalimba.
Akuti phula likubwera.
Ndinaimika njinga, ndinagwira chimodzi, ndinachigwedeza.
Dothi linali lofewa. Chikanazuka.

Koma chaka chatha, mvula ya mu Febuluwale,
pa kaliyala yomweyi ndinanyamula Esinati, mlongo wanga,
matenda atayamba, mwana ali pakhomo,
matope mpaka m'masipoko,
iye akundifinya nthiti, osalira,
ambulansi itatitimira kutsidya kwa mtsinje.

Chikhomocho ndinachisiya.
Ndinachipondera ndi chidendene kuti chilimbe.

Kenako ndinapalasa pang'onopang'ono,
mochedwa kuposa masiku onse,
kuti timiyalato tindiuze zonse
tisanakwiriridwe.