Kalata ya M'chifu

Ine ndine wabutchala pa Kamwendo,
zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mpeni uli m'manja.
Sindinawetepo ngakhale thole limodzi,
koma ndikang'amba chifu cha ng'ombe
ndimawerenga munda wa mwiniwake ngati kalata.

Za a Dzinkambani zimafika mu Okutobala,
zitatuzitatu, pambuyo pali kamnyamata kong'aluka zidendene.
Iwo ali nazo makumi asanu ndi limodzi.
Amazitchula pamaliro, amazitchula pamowa.
Zimadya ponseponse osakhuta,
m'dambo lometedwa mpala,
m'minda momwe mapesi anapsa kale ndi moto wa osaka mbewa,
m'mphepete mwa chigwembe chimene ziboda zawo zomwe zinakumba.
Linunda lagwera kumbali ngati chipewa chakale.
Nthiti mutha kuwerenga muli tsidya la msewu.
M'chifu ndimapezamo mchenga,
chingwe cha thumba la feteleza,
majumbo okulungana ngati mpira wa ana.
Tsiku lina ndinatulutsamo theka la patapata.

Nangondo wa kufupi ndi mtsinje wa Rusa ali nazo zisanu ndi ziwiri.
Anthu ankamuseka kuti akuphikira ng'ombe,
poona akuunjika masangwi a mtedza pathandala,
akudula nsenjere, akusakaniza madeya ndi masamba a lukina.
Busa analigawa panayi ndi mipanda ya minga:
pano zidye, apo papume.
Khola lake silikhalitsa malo amodzi,
limasamuka m'munda ngati mlendo wodziwa ulemu,
ndipo pomwe lagona, chimanga chimabisa munthu wamtali.

Amabweretsa mthena umodzi pachaka.
Sikelo yanga imabuula.
M'chifu mwake mumatuluka fungo la Febuluwale
dzuwa likuwotcha malata.

Musandiyese wolungama.
Zowonda ndi zomwe zinandimangira nyumba.
A Dzinkambani akapanikizika ndi fizi ya ana
ndimawadula mtengo, iwo n'kuvomera akuyang'ana pansi.
Nangondo satsitsa ngakhale kwacha imodzi.
Akakana, amatembenuza chingwe n'kumapita,
ine n'kumamuthamangira mpaka pachigayo.

Chaka chatha nditamaliza kusenda
ndinanyamula zam'chifu kuti ndikataye kudzala
monga ndachitira moyo wanga wonse.
Ndinapeza waima pakhomo ndi ndowa ziwiri.

Ndinati, mayi, ndalama mwawerenga kale.
Anati, ndakugulitsani nyama ndi chikopa.
Udzuwo ndi wa munda wanga,
ukubwerera komwe unachokera.

Ndinamuthirira.
Anamanga ndowazo pakaliyala wa njinga
n'kumaikankha pang'onopang'ono kuti zisatayike,
ntchentche zikumuperekeza.

Madzulo ake kamnyamata ka a Dzinkambani kanadutsa
kakukusa zotsalazo kupita kudambo lomwe lija.
Kanaima, kanandipempha madzi akumwa.
Ndinakapatsa, ndipo sindinanene kanthu.
Lachitatu ndikugula zina ziwiri.