Mchere pa Nkhaka

Lachiwiri, piriyodi yachitatu.
Nkhungu ya ku Kaning'ina ikadali pabwalo la mpira,
zala zanga zaumira pa cholembera.
A Msowoya akulemba pabolodi,
choko chikulira ngati mwanapiye.
Akuti lero ndi osimosisi.

Mawuwo adutsa pamwamba pa mitu makumi asanu ndi limodzi,
pofika pakhutu langa apeza anzawo pamzere:
mvula imene yayamba kugogoda malata,
belu la kabaza pamsewu wa ku Chibavi,
chifuwa cha Lughano kumbuyo kwanga,
ndi mimba yanga, yosakweza mkono ikafuna kuyankhula.

Khomo ndi limodzi.
Pali mlonda wamakani pamenepo,
sindinamuonepo, sandifunsa maganizo,
amalowetsa amene wamukonda.
Lero walowetsa mimba.
Pamene ndikubwerako ku mandasi a m'maganizo
aphunzitsi ali kale pa mzere wachinayi.

Ndipo alendowa abwera m'Chingerezi.
Ndiwavule jekete kaye,
ndiwaveke Chitumbuka cha kunyumba,
ena Chichewa cha kumsika;
ndikamamaliza kuveka woyamba
atatu adutsa osapereka moni.

Mutuwu ndi kaliyala ya njinga.
Mchimwene wanga Vinjeru amadziwa:
matumba anayi umakwera nawo chitunda cha ku Masasa,
lachisanu limagwa, sumva n'kugwa komwe.
Madzi. Kakhungu kopyapyala. Mbali iyi, mbali iyo.
Lachisanu linali chiyani?
M'kope ndalemba zonse, mpaka kudula mzere ndi lula.
Dzanja lagwira ganyu, mwini munda kulibe.

"Mwamva?"
"Eee, sala!"
tonse pamodzi, achule a m'dambo la Lunyangwa.

Madzulo magetsi athima.
Amayi adula nkhaka ndi anyezi m'mbale ya buluu,
zoperekeza tchipisi cha makasitomala a usiku.
Awaza mchere, apita kukakupiza mbaula.
Ndatsala ndi tochi ya foni.
Nkhaka ikutuluka thukuta kunja kukuzizira chonchi,
madzi akudikha pansi pa mbale
popanda wowathira.

Izi ndaziona kuyambira ndisanaguluke mano.
Koma lero wina wake m'mutumu wadzambatuka,
wathamanga kutsika chitunda chija,
watola thumba lija linagwa m'mawa,
wabwera nalo wefuwefu, walikoleka.
Kani chatsopano sichiima pachokha,
chimafuna msomali wakale pakhoma.
Wanga unali m'khitchini mwa amayi zaka zonsezi.

Ndagona, koma m'mwambamu sanatseke okala.
Akumasula belo ngati amayi a kaunjika:
ichi pindani, ichi n'chong'ambika,
chifuwa cha Lughano tayani,
nkhaka ikani pafupi ndi bolodi.
A Msowoya anatiuzapo tsiku lina
kuti muli timitsempha tosawerengeka m'menemu,
tonong'onezana usana ndi usiku,
ndipo kanjira koyendedwa kawirikawiri ndiko kamayera,
kosiyidwa kamamera tsekera.
Tsiku limenelo ndinangolemba.

Lachitatu ndadutsamo popita kumpopi.
Lachinayi ndasochera pang'ono,
ndatsegula kope, ndabwerera, ndadutsamonso.

Lachisanu dzuwa lawala mwaulesi.
"Mbawemi, tatikumbutsa za Lachiwiri."
Ndaimirira, mtima ukugunda ngati chigayo cha dizilo.
Mawu a m'buku amwazika onse,
jekete zawo zatsala pa benchi.
Chimene chabwera ndi mbale ya buluu,
yong'aluka pang'ono m'mphepete.

Ndati, "Mukathira mchere pa nkhaka..."
Kalasi yaphulika.
Lughano waseka mpaka chifuwa chamubwerera.
A Msowoya sanaseke.
Aika choko pa tebulo,
apukuta manja pa thalauza,
akhala pakona ya desiki ngati munthu wodikira basi.
"Pitiriza," atero.
"Madziwo akuchokera kuti, akupita kuti?"

Ndipo ndikudziwa.