Paipi Yatiyankha

Lero ndi tsiku lachinayi chitsekereni chitseko.
Ulaanbaatar wafunda utsi wa malasha,
mapiri akummwera sakuoneka n'komwe,
ndipo wailesi yati kuzizira kwatsika
madigiri makumi atatu ndi asanu pansi pa ziro.
Mayi ake alawirira kuntchito kuchipatala,
nkhope yokulunga, maso okha pamtunda.
Tatsala awiri: ine ndi Anujin,
wa zaka ziwiri ndi miyezi itatu,
amene waima pakhomo, nsapato imodzi kumanja,
akuti, "Panja. Panja."

Ndamuuza kuti panja padwala.
Wandiyang'ana ngati wabodza.

Ndiye ndagubuduza mipando,
ndaifunditsa bulangete la ubweya wa ngamila,
takwawiramo ndi tochi, ife eni mudzi watsopano.
Mudziwo wakhala mphindi zisanu ndi ziwiri.
Ndinali kuwerenga.

Masokosi onse a m'nyumba muno asanduka mipira,
dengu la zochapa ndiye golo.
Wachinya kawiri, kenako wavala golo kumutu.
Timafupa ta akakolo a nkhosa
tomwe ndinkaseweretsa ndili mwana ku Arkhangai
ndatindandalika pansi:
aka ndi hatchi, aka ngamila, aka mbuzi.
Watola hatchi
n'kuiponya m'tiyi wanga wamchere, chubwi.

Ndamutsinira kamtanda ka ufa wa tirigu
kuti aziumba ine ndikukulunga nyama yamadzulo.
Waumba chinthu chonga nyongolotsi,
wachitcha "Ababa,"
wachiluma mutu.

Pazenera chisanu chajambula nthenga.
Tadinda chala mpaka kabowo kasungunuka,
tasuzumira ndi diso limodzi, mosinthana:
basi ikufuka nthunzi pasiteji,
munthu mmodzi akuthamanga chowerama.
Nthawi sinakwane ngakhale leveni koloko.

Kenako wapeza supuni.
Kenako wapeza paipi ya madzi otentha,
ija yotsika kudenga n'kuboola pansi,
yotunga nyumba zathu zosanjikizana
ngati ulusi m'mikanda.
Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Mtima wanga wati myu.
Pansi pathu pamakhala a Lkhagvasuren,
oyendetsa sitima usiku, ogona masana,
munthu amene zaka zitatu zonsezi
timangogwedezerana mutu mulifiti.

Ndisanamulande supuniyo
paipi yayankha:
Ngo. Ngo. Ngo.
Molemera, ngati ndi sipanala.

Anujin wangoti kakasi.
Wayang'ana paipi, wayang'ana ine,
wamenya kawiri.
Pansi: kawiri.
Wamenya kamodzi n'kuthawira kuseri kwa mwendo wanga.
Chete.
Chete ndithu.
Ngo.

Kuseka kwake kwamugwetsa chagada.

Sindikudziwa ngati kugogoda koyamba kuja kunali mkwiyo.
Mwina kunali.
Mwina bamboyo anadzuka maso ali psuu,
natola chitsulo kuti atikhalitse chete,
koma dzanja linamva kuti kumwambaku
kukumenya kadzanja kakang'ono.
Kaya.
Chomwe ndikudziwa n'chakuti acheza mphindi makumi anayi,
wina nsanjika yachisanu ndi chinayi, wina yachisanu ndi chitatu,
opanda liwu ndi limodzi lomwe,
ndipo pakati penipeni wina wakumwamba kwathu,
sindikumudziwa,
walowerera ndi kachitsulo kake kosongoka: nge-nge-nge.

Ine ndatenthetsa tiyi,
ndavuula hatchi, ndamwa nditakhala pansi.

Tsopano wagona pafupi ndi paipi,
tsaya lofiira, supuni ili chifumbatire,
ufa m'tsitsi, sokosi imodzi.
Kunja kwayamba kale kuda
ngakhale tsiku silinapite patali.
Ndaika timitanda ta nyama khumi m'mbale,
ndavindikira ndi ina.
Mayi ake akabwera nditsika masitepe.
Sindikudziwa chomwe ndikanene,
kupepesa kapena kuthokoza,
kapena kufunsa ngati mawa alinso pakhomo.
Mwina ndikangogogoda katatu
n'kudikira.