Anyezi wa pa Zenera

Dzuwa la kuno ku Hull ndi loumira.
Mu Disembala limafika mochedwa ngati wangongole,
limasuzumira pa zenera la kukhitchini,
osalowa, osakhala pansi,
ikamakwana fili koloko latsanzika kale.

Ndiye ndikaweruka ntchito ya usiku,
ndisanavule nsapato zonunkha mankhwala a kunyumba ya okalamba,
ndimalibisalira ndi kamera yanga yakaunjika,
yothyoka chitseko cha batire,
yomanga ndi mphira ya tsitsi.

Bambo Ackroyd, otiphunzitsa Lachiwiri madzulo,
anati musapite kutali,
jambulani zomwe zili m'kabati mwanu.
Tinayang'anana ndi Oksana, phwete kuseka.
M'kabati mwanga ine?
Anyezi mmodzi, sipuni yopindika,
kapu yobenthuka mlomo.

Ndinayamba ndi anyezi.
Ndinamukhazika pakatikati
ndi kumuthira kuwala kwa kamera kumaso, ng'ani!
Anatuluka mbuu, wouma gwa,
ngati ine pa chithunzi cha pasipoti
tsiku lija anandiletsa kumwetulira.

Gawani chithunzi patatu, anatero mkulu uja,
mizere iwiri yoimirira, iwiri yogona,
chinthu chanu chikhale pamphambano.
Ndinamusendeza kumanzere, pang'ono,
pang'ononso,
kumanja ndinamusiyira bwalo loti aziyang'anako.
Ndinazimitsa getsi la kudenga.
Ndinagwada, chibwano pa tebulo,
mawondo akulira tiyetiye pa simenti yozizira.

Ndipo dzuwa loumira lija linadza cha m'mbali,
linamukhudza tsaya limodzi lokha.
Khungu lake linayaka ngati mkuwa,
timitsempha tonse poyera,
timizu tapansi ngati ndevu za mbuzi.
Zaka zonsezi ndikusenda anyezi
ndinali ndisanamuonepo.

Koma tsaya linalo, mdima bii.
Pamafunika choyera chobwezera kuwala.
Ndinafufuza m'nyumba monse,
ndinapeza kalata ya bilu ya gasi
yomwe ndakhala ndikuizemba kuyambira Lolemba.
Ndinaiimika mbali ya mthunzi, yosatsegula,
nayo inabweza kakuwala kofewa, mwaulemu,
ngati siikundifuna kanthu.

Sipuni ndiye inandichita chipongwe.
Kulikonse ndingaime, ndili momwemo,
chadodolido, mphuno ngati mbatata,
yunifolomu ya buluu, maso atulo,
zenera lonse ndi mitambo yake litapindikira pamphumi panga.
Ndinayesa kubisala kuseri kwa mpando.
Chigongono chinatsalabe.
Ndinangoisiya, ndinajambula choncho.

Kapu ndinaiika pakati pa ine ndi zenera.
Nthunzi ya tiyi, yomwe sioneka ukaifulatira kuwala,
inaimirira yoyera, ikunyung'unya chiuno.
Ndinadina kakhumi ndi kanayi.
Zakhumi ndi zitatu zinagwedera,
dzanja lomwe lasambitsa anthu asanu ndi mmodzi usiku
silimva za kukhazikika.
Chimodzi chokha:
ndinagwira mpweya, zigongono pa tebulo,
basi ya nambala sikisi itangodutsa,
galasi litaleka kunjenjemera.
Pobenthuka paja pakuoneka bwino lomwe.
Sindinapatembenuzire kukhoma.

Ndinatumiza cha anyezi kwa mlongo wanga ku Chilomoni.
Yamikani anayankha msanga:
Achemwali, ulendo wonse uja,
ndege ziwiri,
kukajambula anyezi?
Kenaka, patapita kanthawi:
Koma ndiye ndi wokongolatu. Ndi wa ndalama zingati?

Mtambo wochokera ku Humber unatseka zonse.
Khitchini inabwerera kukhala khitchini,
mbale zosatsuka, mpopi ukudontha.
Kalata ija ndinaigoneka chafufumimba.
Anyezi ndinamudula, ndiwo zinkamudikira,
misozi inatuluka ya anyezi basi,
musaiwerengere zina.

Alamu ndatchera hafu pasiti seveni usiku.
Mufiriji mwatsala dzira limodzi.
Bambo Ackroyd akuti choyera pa mbale yoyera
ndicho chimavuta kuposa zonse.
Mawa likabwera dzuwa,
ngati libwere,
lidzandipeza nditagwada kale.