Mapazi a Lukia

Okutobala wafika ndi ng'anjo yake.
Phula la pa Boma likumata kunsapato,
ndipo ine, telala wa pakhonde la sitolo ya a Jasuben,
ndapatsidwa ntchito yosadzaza chikhatho:
kasiketi kofiira ka mphonje zagolide,
kovala Mayi wamkuwa amene amakhala kuchipinda.
Zaka khumi ndi zinayi ndasoka mayunifolomu ndi mikanjo ya Idi,
koma muyeso wa mulungu wa eni
ndinautenga ndi ulusi, zala zikunjenjemera.

Usiku woyamba anafesa tirigu m'mbale.
Dothi lake anatuma mnyamata kukatapa kunsi kwa mlatho
kumene Shire amasiya matope akuda.
Nyali anaiika mumphika wobowolabowola,
kuwala kukutuluka ngati ziphaniphani zotsekeredwa.
"Isazime," anatero, "mpaka mausiku asanu ndi anayi."
Magetsi akathima tauni yonse,
iyo yokha imakhala maso.

Ndinafunsa za mikono yambirimbiriyo.
Anaseka. "Nanga amayi ako anali nayo ingati?"
Ndinati iwiri.
Kenako ndinawerenganso chamumtima:
wina pakhasu, wina pamphumi pa mwana wa malungo,
wina wochirikiza dengu la utaka pamutu,
wina wobweza chibakera cha abambo.
Ndinaleka kuwerenga.

Akuti kunali njati yosalowa mkondo wa mwamuna aliyense.
Inaiwala kuopa mkazi.
Iye anabwera atakwera mkango.
Amandisimbira izi milomo itauma,
akusala monga timachitira ife pa Ramazani,
nthochi imodzi ndi kapu ya mkaka basi.
Njati yawo ndikuidziwa ine:
ndi zii wa m'nyumba muja
chichokereni ana kunja, chimwalirireni a Kantilal.
Kwawo, akuti, akazi mazanamazana amavina mozungulira mphikawo.
Kuno amazungulira okha,
kawiri, bondo likukana,
kuwomba m'manja motsitsa kuti asadzutse mlonda.

Tsiku lachisanu ndi chitatu pamafunika atsikana aang'ono.
A mtundu wawo kuno kulibe ndi mmodzi yemwe.
Anaima pambali pa makina anga nthawi yaitali
ngati munthu wodzapempha ngongole.
"Che Twaibu, kodi Lukia angabwere mawa?"

Tulo sindinatione.
Ndinaganiza za a shehe, ndi pakamwa pa anzanga a kumzikiti.
Mkazi wanga anati, "Akufuna kumudyetsa,
sakufuna kumusintha dzina. Gonani."

Ndinasuzumira pazenera.
Mayi amene amawerenga malipiro anga kawiri asanandipatse
anali chogwada pasimenti, beseni patsogolo,
akusambitsa mapazi a mwana wanga,
mapazi a fumbi la kwa Mponda,
chala chachikulu chili ndi bala la dzana,
nawapukuta ndi nsonga ya sari yawo.
Kadontho kofiira pamphumi,
tchana ndi timikate totupa m'mbale yasiliva.
Lukia anayamba wauma ngati chitsa,
kenako phwiti, kuseka, madzi akumugirigisha.
Iwo misozi mbwembwembwe,
kumutchula kamwana ka sitandade thu kuti Mayi.

Ine ndimagwada kuloza kumodzi,
ndipo sindidzasintha.
Koma singano inandibaya kawiri tsiku limenelo.

Lakhumi, tirigu anali atatalika ngati chala,
wobiriwira pakati pa chilimwe chopanda dontho.
Anakwera kabaza mbale ili pamiyendo,
nakamupereka kumadzi, kumene dothi linachokera.
Nyali inazima yokha.
Sitolo inatsegulidwa, tinakangananso za mtengo wa zipi.

Lero Lukia wabwera kuchokera kusukulu
nsapato m'manja, monga ndimamuletsera,
akuponda dala m'fumbi lotentha.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe.
Ndinayang'ana pansi, pamapazi aja,
ndipo ndinabwezera phazi langa pachopondera cha makina.